Mawu Amene Ndinafunsira Dokotala

Linali Lachiwiri, nthawi itangokwana teni koloko m'mawa, pamene bambo a ana anga anagwa m'chigafa kwathu ku Mwazisi. Nthawiyo ndimaidziwa chifukwa wailesi yomwe tinkaikoleka pamtanda inali itangoyamba kuwerenga nkhani. Tinkasoka fodya. Iwo anaimirira kuti atenge mtolo wina wa masamba, n'kunena kuti, "Mayi, mutu wangawu." Kenako anakhala pansi ngati munthu wotopa, n'kupendekera kumanja. Pakamwa panali patakhota. Ndinawaitana, ndinawagwedeza, koma maso okha ndi amene ankandiyang'ana.

Tinawanyamula pangolo mpaka kumsewu, ndipo galimoto ya munthu wina wogula mtedza inatitengera kuchipatala cha mishoni. Sanakhalitse kumeneko. Mawu aja a m'chigafa ndiwo anali omaliza.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Tinakumana ku Kasungu pamene iwo ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya, ndipo abale awo atapereka malowolo ndinabwera kudzakhala kwawo, monga mwa mwambo wa kuno. Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Chitumbuka ndinachiphunzira pamjigo ndi kutchalitchi, ndipo ndimachilankhula ngakhale ana amaseka kamvekedwe kanga. Chingerezi ndinalibe ngakhale chopemphera madzi. Sichinkandisowa. Kukakhala kofunika Chingerezi ankapita ndi bambo awo a ana, ine n'kutsala ndi khasu.

Kuchipatala kuja dokotala anali mayi wochokera kunja kwa dziko, wamtali, woyenda mofulumira. Pa chilankhulo chathu ankadziwa moni ndi pepani basi. Ine ndinakhala pansi pambali pa bedi, pomwe amakhala mkazi wodwazika matenda. Amene anaimirira kulankhula ndi dokotala anali alamu anga, akulu awo a malemu, omwe anagwirapo ntchito ya ukalaliki ku Boma. Dokotala analankhula nthawi yaitali, akuloza kumutu kwake, akukunga chibakera n'kuchitambasula. Alamu, chipewa chili m'manja, ankangogwedeza mutu. Dokotala atachoka ndinafunsa.

"Alamu, akuti chiyani?"

"Akuti tilimbe mtima, mulamu."

Ndinadabwa kuti mawu ochuluka chonchija afupika bwanji kukhala awiri okha, koma sindinafunsenso. Ndinaleredwa kuti mwamuna wamkulu akayankha kamodzi wayankha.

Pamaliro, wolankhula m'malo mwa banja anati malemu anangodwala pang'ono n'kutisiya. Kumudzi mawu otere amasiya chitseko chotsekula. Munthu wamphamvu, amene dzulo lake anadula mikangala yodzaza ngolo, angafe bwanji ndi kudwala pang'ono? Woyamba kulowa pachitsekopo anali azakhali awo a malemu, amene kuno timawatchula kuti ankhazi. Sanalankhule ndi ine. Anafunsa amayi ena, ine ndikumva, kuti kodi mwana wawo anadya chiyani m'mawa wa tsikulo. Aliyense ankadziwa kuti anadya phala, ndipo ankadziwanso amene anaphika.

Masabata otsatirawo ndinaona zinthu zikusintha. Ndikatumiza ndiwo kunyumba ya apongozi, mbale inkabwerera yodzaza. Ana a abale analeka kudzasewera pakhomo panga. Kenako ndinamva kuti banja lagwirizana zoti fodya akagulitsidwa, pamsonkhano wotsiriza maliro, adzasankha anthu opita kwa sing'anga kukaombeza. Ine sindine mwana. Ndikudziwa kumene chala chimagwera pakakhala mkazi wochokera kutali. Akananditchula, ndikanabwerera ku Dowa ndi chikwama changa chokha, chifukwa kuno ana ndi a kumene kunachokera malowolo. Ndili ndi ana atatu, ndipo wotsiriza anali asanayambe n'komwe kudzisambitsa bwinobwino. Ndinkadziwa kuti phala langa linalibe kanthu, koma sindinkadziwa chimene chinapha mwamuna wanga. Munthu wosadziwa chimene chinachitika sangakane chimene ena akunena kuti chinachitika.

Mwana wotsirizayo atadwala chifuwa ndinapeza njira yobwerera kuchipatala kuja. Atalandira mankhwala, ndinafunafuna namwino amene ankamasulira mawu a dokotala, mayi wachifundo wa ku Ntcheu, wolankhula Chichewa changa chomwechi. Dokotala anali pomwepo, akusamba m'manja. Ndinagwada n'kumupempha namwinoyo kuti andifunsire chimene chinapha bambo a ana anga.

"Amayi, pepani," anatero. "Zapita zapita. Mukadziwa ndiye adzuka? Musadzipweteke mtima, pitani mukasamale anawa."

Dokotala anacheuka n'kumufunsa kanthu. Namwino anayankha mawu awiri atatu. Dokotala anandigwira paphewa, anati, "Pepani chomene," n'kupita kwa odwala ena. Ndili m'njira ndinazindikira chimene chinkachitika. Palibe amene ankandibisira mwa nkhanza. Funso langa linkafera m'kamwa mwa anthu ondimvera chisoni. Dokotala ankaona mayi wovala zakuda wofuna kutonthozedwa, ndipo ankanditonthoza.

Pafupi ndi kwathu pamakhala mayi wina wachikulire amene anaphunzitsa sukulu ya mishoni mpaka kupuma. Tonse timangowatchula kuti Asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi. Iwo okha ndi amene sanasiye kudya pakhomo panga. Ankabwera kudzandithandiza kusankha fodya, n'kudya mbatata zanga anthu akuona, mwadala, atakhala poyera. Tsiku lina tili m'chigafa ndinawauza.

"Asambizgi, ndiphunzitseni Chingerezi."

"Chonse? Tifa tisanamalize, mama."

"Ayi, chofunsira chokha."

Anaika tsamba pansi n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye akakuyankhani mudzamva bwanji? Mukufuna kugula mpini wopanda khasu?"

"Yankho andimasulire wina. Koma funso lituluke pakamwa panga, dokotalayo aone kuti wofuna kudziwa ndine."

Kenako anati, "Enya. Apo mwalankhula. Patseni mbatata ina, sukulu yatsegulidwa."

Ine ndinkaganiza kuti andipatsa liwu limodzi n'kuthana nazo. Koma Asambizgi anati Angerezi ali ndi njira zambiri zonenera kuti munthu akufuna kudziwa, ndipo iliyonse ili ndi pake, monga mipeni ya m'nyumba. Anayamba ndi liwu lalifupi, "Why?" Anati limeneli ndi lofunsira chifukwa, koma ndi lakuthwa, ukaliponya lokha kwa munthu amene sunamupatse moni limamveka ngati ukumuimba mlandu. Ndinalikonda chifukwa silinkavuta kutchula. Tsiku lomwelo ndinalifunsa nkhuku imene inalowa m'chigafa, ndipo Asambizgi anaseka mpaka kutsokomola.

Liwu lachiwiri linali "I wonder." Limeneli anati ndi la munthu amene akudzifunsa yekha mokweza, monga ukayang'ana mitambo n'kunena kuti kaya mvula ibwera. Ndi mawu ofatsa, okoma, koma sakakamiza munthu kuyankha.

"Mukanena limeneli dokotala adzangogwedeza mutu, nayenso adabwe nanu limodzi, n'kupita," anatero. "Lisungeni la kumunda."

Panalinso "I am curious." Ndinalibwereza kangapo chifukwa linkandizungulira lilime, koma iwo anandiletsa. Anati limeneli ndi la chidwi chopepuka, chonga kufuna kudziwa chimene mnzako wanyamula mudengu pochokera kumsika. Silolakwika, koma si la munthu amene waika mwamuna wake m'manda.

"Inu si wachidwi, mama. Inu mukufuna kudziwa. Ndi zinthu ziwiri."

Ndiye anandipatsa awiri oyandikana, "I want to know" ndi "I would like to know." Onse akunena kuti ndikufuna kudziwa, koma loyambalo limaima chilili pamene lachiwirilo limayamba lawomba m'manja. Asambizgi, pokhala munthu wa mishoni, anasankha lachiwiri. Anawonjezera mawu otchulira mwamuna wanga, ndi ofunsira chimene chinachitika, "What happened?" Anati amenewa akwana, otsalawo ndi katundu wolemetsa.

Mawuwo sanandivute kwambiri. Ndinkawanena posankha fodya, potunga madzi, popalira mbatata. Chimene chinandivuta ndi maso. Kuyambira ndili mtsikana ndinaphunzitsidwa kuti polankhula ndi wamkulu umayang'ana pansi. Namfedwa ndiye kwambiri, amayenda chowerama, amalankhula motsitsa, sayamba ndiye kulankhula. Ndinali nditazolowera mpaka khosi langa linkadziwa lokha. Asambizgi anakoleka chingwe chomangira mabelo m'khosi kuti akhale dokotala, n'kumayenda mofulumira kuchoka mbali ina ya chigafa kupita ina. Ine ndinkayenera kuwaimitsa ndi mawu anga. Ndikalankhula ndikuyang'ana pansi, ankangodutsa.

"Mukufunsa ndani, mapazi anga? Mapazi anga sanapite kusukulu ya udokotala."

"Ndikuchita manyazi, Asambizgi."

"Manyazi adzakulerereni ana inu muli ku Dowa? Bwerezani. Ndipo mukweze mawu, mukumveka ngati mukupepesa kwa nkhuku ija."

Tinkatero masana alionse mpaka fodya anatha kusankhidwa. Tsiku lina ndinawaimitsa pakati pa chigafa, ndikuwayang'ana m'maso, ndipo anavula chingwe chija n'kunena kuti, "Yewo chomene. Pitani."

Namfedwa sayenda ulendo popanda kuuza eni mbumba, choncho ndinapita kwa alamu. Ndinawapeza akukonza njinga. Nditawauza kumene ndikufuna kupita, anapukuta manja nthawi yaitali.

"Mulamu, dokotala safunsidwa. Iye amanena, ife timamva."

"Ndiye tsiku lija munamva chiyani, alamu?"

Aka kanali koyamba kuwafunsa chinthu kachiwiri. Sanakwiye. Anati dokotala ananena za magazi ndi za m'mutu, ndiponso kuti panalibe chimene akanachita. Anati panali mawu ena amene anafuna kuti awabwereze, koma odwala anali ambiri, ndipo munthu sungaimitse dokotala ngati ukuimitsa minibasi. Anati zimene anamvazo anawauza ankhazi, koma ankhazi anayankha kuti magazi sangothamangira kumutu popanda wowatuma. Kenako anati andiperekeza, kuti anthu asanene kuti namfedwa akuyendayenda yekha.

Tinafika kuchipatala m'mawa n'kukhala pabenchi ya pakhonde pomwe dokotala amadutsa pochokera ku wodi. Alamu ankati tidikire atiitane. Ine ndinkadziwa kuti palibe amene atiitane, chifukwa sitinali odwala. Nditamuona akubwera ndi liwiro lake lija, namwino wa ku Ntcheu ali pambuyo, ndinaimirira pakati panjira. Mawu aulemu aja, amene Asambizgi anandisankhira, anathawa onse. Anatsala enawo.

"Doctor, I want to know."

Anaima. Ndinamuyang'ana kumaso, ndipo ndinaona kuti maso ake ndi otopa ngati a munthu wina aliyense.

"My husband. What happened?"

Sanandizindikire msanga. Alamu anaimirira n'kumukumbutsa za wodwala uja wa ku Mwazisi. Dokotala ananena kanthu kwa namwino, anatsegula chitseko cha kachipinda kena, anatipatsa moni, n'kutilozera mipando. Ine ndinafuna kukhala pansi monga mwa chizolowezi, koma anakoka mpando n'kuuika moyang'anana ndi wake.

Kuyambira pamenepo zonse zinayenda mwa mtundu wina. Dokotala ankalankhula akuyang'ana ine, n'kumaima kuti namwino amasulire, ndipo namwino ankamasulira zonse chifukwa dokotala ankadikira kuona ngati ndamva. Anati mwamuna wanga anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, mwina kwa zaka zambiri, osadziwa. Anati matendawa sagoneka munthu, amatha kulima ndi kudula mitengo ali nawo. Anatenga kapaipi ka makina oyezera magazi, anakapinda, n'kundionetsa mmene mtsempha umavutikira magazi akamakankha mwamphamvu masiku onse. Anati tsiku lija mtsempha wina wa m'mutu unaphulika.

Apa ndinagwiritsa ntchito liwu lakuthwa lija, poti moni tinali titapatsana kale. "Why?"

Anamwetulira pang'ono n'kufotokoza kuti nthawi zambiri zimayenda m'banja, ndipo mchere wambiri ndi kukula zimawonjezera. Anafunsa ngati malemu ankadandaula mutu. Ndinati inde, kawirikawiri, ndipo ankagula mapilitsi a mutu pagolosale n'kupita kumunda.

Linatsala funso limene ndinadzera, ndipo la limeneli ndinalibe Chingerezi chake. Ndinalinena m'Chichewa, ndikuyang'ana dokotala.

"Kodi chingakhale chakudya chimene anadya m'mawa umenewo? Kodi munthu angaike kanthu m'phala kuti zimenezi zichitike?"

Namwino anandiyang'ana, n'kuyang'ana alamu, ndipo ndinaona kuti wamvetsa tsopano chimene chinandibweretsa. Anazengereza. Dokotala anamufunsa chimene ndanena, ndipo anamasulira. Nkhope ya dokotala inasintha. Anapukusa mutu, n'kunena liwu limodzi limene ngakhale ine sindinafune womasulira. Kenako anatembenukira kwa alamu n'kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti si chakudya, si poizoni, ndipo zizindikiro za poizoni ndi zina. Anawafunsa ngati iwo ndi m'bale wa malemu wa bere limodzi. Atavomera, anawapempha kuti apinde mkono wa malaya.

"Ine sindikudwala," anatero alamu.

"Akuti ang'ono anu nawonso sankadwala," anayankha namwino.

Anawakulunga lamba pamkono n'kupopa. Dokotala anayang'ana, anapopanso, kenako anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri ndipo ayambe mankhwala tsiku lomwelo. Ine atandiyeza anapeza kuti ndili bwino. Anati ana anga akamakula azidzayezetsa. Potuluka namwino anandigwira dzanja n'kunena motsitsa kuti, "Amayi, tsiku lija sindinadziwe." Ndinamuuza kuti nanenso sindinanene.

Pobwerera, minibasi itadutsa ku Boma, alamu anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Mulamu, Chingerezi chimenechi munachitenga kuti?"

"M'chigafa, alamu."

"Ndiye ife tinavutikiranji ndi mayunifolomu a sukulu?"

Msonkhano wa banja unachitika fodya atapita ku okushoni. Amuna anakhala pamipando, ife amayi pamphasa. Nkhani ya kwa sing'anga itatchulidwa, alamu anafotokoza za ulendo wathu, n'kunena kuti mwini funso ndi amene anene zimene anamva. Anthu anacheuka, chifukwa namfedwa salankhula pamsonkhano wotere. Ndinalankhula nditakhala pansi pomwepo, mwaulemu, koma mutu uli chilili. Ndinanena za mtsempha, za mutu umene unkawapweteka zaka zonsezi, ndi zoti ndinafunsa ndekha za phala pamaso pa alamu.

Ankhazi anati madokotala akunja sadziwa za kuno. Amaona mtsempha wophulika, koma saona amene wauphulitsa.

Alamu anatulutsa kabotolo ka mankhwala m'thumba la jekete n'kukaika pamwendo. "Mwina n'zoona, ankhazi. Koma ine phala la mulamu sindinadye. Nanga magazi angawa akuthamangira chiyani? Kapena tikaombezenso za ine?"

Wina anaseka kumbuyo, kenako ena. Mng'ono wawo wina anafunsa ngati kuyezako kumapweteka. Nkhani inakhotera kumeneko, ya ndani apite kukayezetsa ndi liti, ndipo ya sing'anga sinabwererenso. Palibe amene anaimirira kunena kuti ndilibe mlandu, ndipo palibe amene anandipepesa. Ankhazi mpaka lero sadya pakhomo panga. Timapatsana moni panjira, amafunsa za ana, n'kupitirira. Ine sindiwakakamiza. Mwana amene anamulera anafa ali wamphamvu, ndipo aliyense amanyamula chisoni chake mmene angathere.

Chingerezi changa sichinakule kwambiri. Asambizgi amati ndine wophunzira wawo waulesi kuposa onse, chifukwa nditapeza chimene ndinkafuna ndinathawa sukulu. Atamva kuti mawu aulemu aja ndinawaiwala pakhonde, anagwira kumutu n'kunena kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu akunja, kenako anandiuza kuti ndibwereze nkhani yonse kuyambira poyamba. Nthawi zina amandiwonjezera liwu limodzi kapena awiri tikamasenda mtedza. Amayi ena a kumpingo, akakhala ndi wodwala kuchipatala, amabwera kudzandifunsa kuti ndinatani kuti dokotala aime. Ndimawauza mawuwo, koma ndimawauzanso kuti madokotala ambiri amamva Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo chofunika n'kuimirira pomwe akukuona n'kufunsa wekha.

Ndikadali ku Mwazisi ndi ana anga onse atatu, ndipo ndikulima munda wa bambo awo. Mwezi ukatha ndimapita ndi mwana wanga wamkulu kukayezetsa magazi, ndipo chimene sindinamve ndimafunsa kachiwiri.